M'mawa mwake, kampani itagulitsidwa

Ambiri a ife amene tidagwira foni ya m'manja koyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sitidaiwale dzina la Celtel. Tikukumbukira zikwangwani zofiira pa boma la Mangochi, ku Monkey Bay, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Tikukumbukira timakadi ta mayunitsi timene tinkakala ndi chikhadabo, ndiponso mmene ogula nsomba adayambira kufunsiratu mtengo wa usipa ku Limbe asadakweze katundu wawo pa galimoto. M'chaka cha 2008 dzinalo lidasanduka Zain, ndipo mu 2010 lidasandukanso Airtel. Ife tidangoona utoto ukusintha pa makoma a magolosale, osadziwa kuti kuseri kwa utotowo kudali malonda a mabiliyoni.

Malonda oyamba adachitika mu 2005. Chaka chimenecho a Mo Ibrahim, mbadwa ya dziko la Sudan amene adayambitsa Celtel mu 1998, pamodzi ndi anzawo amene adaikamo ndalama, adagulitsa kampaniyo kwa kampani ya MTC ya ku Kuwait pa mtengo wa madola 3.4 biliyoni a dziko la America. Apa n'kuti a Ibrahim akuyandikira zaka 60.

Nyuzipepala zimakonda kulekezera nkhani zotere pa tsiku losainirana mapepala, anthu akugwirana chanza ndi kumwetulira. Ife tiyambira pamene izo zimalekezera. Munthu amene wakhala zaka zambiri akudzuka kusadache, n'kumagona ndi nkhawa ya malipiro a antchito ake, tsopano ali ndi chuma choti zidzukulutudzi zake sizingachimalize, koma kampani imene inkamudzutsa ili m'manja mwa ena. Kodi ndalama zimene zimamufikadi ndi zingati? Amazisunga bwanji? Nanga tsiku amalitha bwanji? Mbiri ya anthu angapo odziwika ikutipatsa mayankho, ndipo ena mwa mayankhowo ndi omvetsa chisoni.

Mtengo wa pa wailesi ndi ndalama ya m'thumba

Choyamba kudziwa n'chakuti nambala imene imalengezedwa imasiyana kutali ndi ndalama imene imalowa m'thumba la woyambitsa kampani. Makampani a luso lamakono amakula ndi ndalama za anthu ena. Woyambitsa amabwera ndi nzeru ndi khama, koma kuti aimike nsanja za mafoni kapena alembe ntchito akatswiri a makompyuta, amapita kwa eni ndalama n'kuwagulitsa masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampaniyo. Akapitanso kachiwiri ndi kachitatu, gawo lake limanka lichepa. Pofika tsiku logulitsa, munthu amene adayamba ali mwini wa zonse amapezeka kuti watsala ndi kachigawo chabe. Ku Celtel nakonso kudali eni masheya ambiri, kuphatikizapo bungwe la CDC la boma la Britain ndi la IFC, lomwe ndi nthambi ya World Bank. Choncho madola 3.4 biliyoni aja adagawidwa m'manja ambiri.

Ife a m'mbali mwa nyanja kagawidwe kotere sikatidabwitsa. Chilimira chikakocheza ndi nsomba zodzaza bwato, woonera pa mchenga amayesa kuti ndalama yonse ndi ya munthu mmodzi. Koma amayamba achotsa za mafuta a injini ndi zina zimene zalowa pa ulendowo, kenaka mwini zida atengepo zake, alovi agawane zawo. Mmenemo ndi mmenenso zimakhalira pogulitsa kampani. Amayamba kulipidwa ndi amene kampani ili nawo ngongole. Kenaka eni ndalama, amene kawirikawiri amalembetseratu m'pangano kuti tsiku logulitsa iwo ndiwo adzayambe kubwezeredwa zimene adaikamo. Woyambitsa ndi antchito ake amagawana zotsala. Ichi n'chifukwa chake kampani ikagulitsidwa motchipa, woyambitsa akhoza kutuluka chimanjamanja pamene anthu kunja akumuyamikira kuti walemera.

Chachiwiri n'chakuti wogula sapereka zonse ngati ndalama yogwirika. Titenge chitsanzo cha WhatsApp, imene tonsefe timatumizirana nayo mauthenga ndi abale athu a ku Joni. Pamene Facebook idalengeza mu 2014 kuti ikugula WhatsApp pa madola 19 biliyoni, ndalama zenizeni zidali 4 biliyoni zokha. Madola 12 biliyoni adali masheya a Facebook, ndipo 3 biliyoni otsalawo adali masheya oti aziperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, malinga ngati oyambitsa ndi antchito awo akupitiriza kugwira ntchito. Wogula amachita dala zimenezi kuti anthu odziwa kayendedwe ka kampaniyo asathawe. Zotsatira zake n'zakuti amene adali bwana dzulo amasanduka wantchito m'nyumba imene adamanga yekha.

A Brian Acton, mmodzi mwa anthu awiri amene adayambitsa WhatsApp mu 2009, adalephera kupirira moyo umenewu. Adasemphana maganizo ndi eni ake atsopano pa nkhani yoika zotsatsa malonda mu WhatsApp ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinsinsi za anthu, ndipo adachoka mu 2017 zaka zinayi zija zisadakwane. Potero adasiya masheya a ndalama pafupifupi madola 850 miliyoni. Chaka chotsatira adaika madola 50 miliyoni m'bungwe loyendetsa Signal, njira ina yotumizirana mauthenga imene siyendera phindu.

Chachitatu ndi msonkho. Ku America, boma lalikulu limadula mpaka 20 peresenti pa phindu lotere, n'kuwonjezapo 3.8 peresenti ina kwa anthu opeza bwino, ndipo dera la California, kumene kuli makampani ambiri otere, limadulanso wake wofika 13.3 peresenti. Zikaphatikizana, gawo loposa limodzi mwa atatu limapita ku boma. Kusamutsa chuma nakonso kuli ndi mtengo wake. A Mark Shuttleworth a ku South Africa adagulitsa kampani yawo ya Thawte kwa VeriSign ya ku America mu 1999 pa madola pafupifupi 575 miliyoni, ali ndi zaka 26 zokha. Patapita zaka khumi, pamene ankatulutsa chuma chawo m'dzikolo, banki yaikulu ya South Africa idawadula marandi 250 miliyoni. Adakamang'ala kukhoti, adawina pa apilo mu 2014, koma khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu 2015 kuti banki idachita zololedwa.

Kusunga n'kovuta kuposa kupeza

Akuluakulu adati chuma ndi mchira wa khoswe, suchedwa kupululuka. Mwambiwu umagwiranso ntchito pa mabiliyoni. Woyambitsa kampani amalemera chifukwa choika moyo wake wonse pa chinthu chimodzi. Akagulitsa, nzeru imene akufunika imatembenuka: tsopano ayenera kumwaza chumacho m'malo ambiri kuti pamodzi pakagwa, ena atsale. Ambiri zimawavuta, chifukwa khalidwe limene lidawalemeretsa ndi lomwelo limene lingawasaukitse.

A Mark Cuban a ku America adaona ngoziyi msanga. Mu 1999 iwo ndi anzawo adagulitsa kampani ya Broadcast.com kwa Yahoo pa madola 5.7 biliyoni, ndipo malipiro ake adali masheya a Yahoo. Nthawi imeneyo masheya a makampani a pa intaneti ankangokwera tsiku ndi tsiku. A Cuban adapangana ndi banki kuti mtengo wa masheya awo ukagwa asatayike nawo, ndipo posinthanitsa adavomera kuti ukakwera kwambiri asadyerere phindu lonse. Ena adawaona ngati amantha. Koma kuchokera mu 2000 kufika mu 2001 masheya a Yahoo adataya mtengo woposa magawo asanu ndi anayi mwa khumi. Chuma cha a Cuban chidapulumuka, pamene anthu ambiri amene adalemera pa pepala m'zaka zomwezo adadzuka ali ndi mapepala okhaokha.

Olemera kwambiri amatsegula ofesi yapadera ya banja lawo, momwe amalembamo ntchito owerengera ndalama, maloya ndi alangizi, ntchito yawo n'kukhala yoyang'anira chuma cha banja limodzi lokhalo. Chumacho amachigawa m'masheya a makampani ambirimbiri a m'maiko osiyanasiyana, m'nyumba ndi malo, m'ngongole zimene amabwereketsa maboma, ndipo kagawo kena amakaika m'makampani atsopano a achinyamata. Langizo limene alangizi ambiri amapereka n'lakuti munthu asadye zoposa magawo atatu kapena anayi pa 100 alionse a chuma chake pa chaka, kuti thumba lenilenilo lisaphwe. Mlimi amadziwa lamulo lomweli: mbewu sadyera pamodzi ndi chimanga cha m'nkhokwe.

Chimene chimadya chuma cha anthuwa kawirikawiri ndi katundu wofuna kudyetsedwa. Nyumba yaikulu imafuna alonda, osamalira maluwa, inshuwalansi ndi msonkho chaka chilichonse. Ndege ndi sitima ya pamadzi zimafuna oyendetsa ndi okonza, kaya zikuyenda kaya zangoima. Walira mvula walira matope.

Lolemba lopanda kopita

Vuto limene ambiri saliyembekezera silikhudza ndalama n'komwe. A Markus Persson a ku Sweden adapanga Minecraft, masewera a pa kompyuta amene ana mamiliyoni amasewera pa dziko lonse. Mu 2014 Microsoft idagula kampani yawo ya Mojang pa madola 2.5 biliyoni, ndipo gawo lalikulu lidali lawo. Iwo sadafune kutsalira pa ntchito; adachokeratu. Chaka chisadathe adagula nyumba ya madola 70 miliyoni ku Beverly Hills, ku California, ndipo adayamba kuchititsa maphwando obwera anthu otchuka.

Mu Ogasiti 2015, chaka chimodzi chisadakwane chigulitsireni, a Persson adalemba poyera pa Twitter kuti chibadwireni sadasungulumwepo chotere. Adafotokoza kuti munthu akapeza zonse, zifukwa zolimbikira zimamuthera, ndipo kucheza ndi anthu kumavuta chifukwa iye ndi anzake salinso pa mlingo umodzi. Masana anzawo amakhala ali ku ntchito kapena ndi mabanja awo, iwo n'kumangodikira. Adadandaulanso kuti anthu amene ankagwira nawo ntchito adawatembenukira, ngakhale iwo ankaona kuti adawasamalira pogulitsapo.

Nkhani yofanana idamvekanso posachedwapa. A Vinay Hiremath, mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Loom imene Atlassian idagula mu 2023 pa madola 975 miliyoni, adalemba patangotha chaka ndi miyezi yochepa kuti ndi olemera koma sakudziwa chochita ndi moyo wawo. Adafotokoza mmene adayesera ichi ndi icho, mpaka kukwera mapiri a Himalaya, osapeza chowakhazika mtima pansi.

Pali amene angaseke n'kunena kuti mavuto otere ndi abwino kukhala nawo, ndipo sitingawatsutse. Kusungulumwa m'nyumba ya madola 70 miliyoni sikungafanane ndi kugona ndi njala. Komabe chimene anthuwa adataya tikuchidziwa tonse. Ntchito imapatsa munthu zinthu zina kuwonjezera pa malipiro: ola lodzukira, anthu omufuna, vuto loti athetse lero, ndi yankho akafunsidwa kuti amachita chiyani. Kampani ikagulitsidwa, zinayi zonsezi zimapita tsiku limodzi, ndipo m'pangano logulitsira mulibe mzere umene umazitchula.

Si onse amene amadandaula. A Jan Koum, mnzawo wa a Acton, adakulira pafupi ndi Kyiv ku Ukraine ndipo adasamukira ku California ndi mayi awo mu 1992 ali ndi zaka 16. Banjalo lidali losauka, linkadalira thandizo la chakudya lochokera ku boma. Tsiku logulitsa WhatsApp, a Koum adasankha kukasainira mapepala pa chitseko cha nyumba imene kale idali ofesi yoperekera thandizolo, pamene ankaima pa mzere ali mnyamata. Atachoka ku Facebook mu 2018, adanena kuti akukapuma, azikasonkhanitsa ndi kukonza magalimoto akale a mtundu wa Porsche. Chichokereni samveka kwambiri, ndipo apereka ndalama zambiri ku ntchito zachifundo.

Abwenzi obwera ndi chuma

Nkhani yowawitsa kwambiri ndi ya a Tony Hsieh. Adagulitsa kampani yawo yoyamba, LinkExchange, kwa Microsoft mu 1998 pa madola 265 miliyoni ali ndi zaka za m'ma 20. Kenaka adakuza Zappos, kampani yogulitsa nsapato pa intaneti, imene Amazon idagula mu 2009 pa madola pafupifupi 1.2 biliyoni. Adali munthu wopatsa ndi wokonda anthu. Adaika madola 350 miliyoni pa ntchito yotukula dera lakale la mzinda wa Las Vegas, kuthandiza amalonda ang'onoang'ono, ndipo kwa nthawi yaitali iwo eni ankakhala m'kanyumba kokokedwa ndi galimoto.

Mu 2020 adasiya udindo wawo ku Zappos n'kusamukira ku Park City, m'dera la Utah, kumene adagula nyumba zambiri m'miyezi yochepa. Malipoti a nyuzipepala za ku America adafotokoza kuti thanzi lawo la maganizo lidali litasokonekera, ndipo adazunguliridwa ndi anthu amene ankawalipira ndalama zambiri kuti azikhala nawo pafupi. Anzawo akale amene adayesa kuwachenjeza ankavutika kuwafikira. Mu Novembala chaka chomwecho a Hsieh adamwalira atavulala pa ngozi ya moto m'nyumba ina ku Connecticut, ali ndi zaka 46.

Banja lawo lidauza khoti kuti silidapeze wilo. Anthu ambiri adatulukira kudzanena kuti malemuwo adawalonjeza ndalama, ndipo ena mwa malonjezowo adali olembedwa pa timapepala tomata pa khoma. Milandu yokhudza chuma chawo idatenga zaka. Sitikukamba izi ponyoza malemu. Tikuzikamba chifukwa zikuonetsa ngozi imene imabwera ndi chuma chadzidzidzi: anthu onse ozungulira munthu akakhala oti amadya m'manja mwake, sipatsala woti amuuze kuti apa mwalakwa.

Njira imene a Ibrahim adatsata

Tibwerere kwa munthu amene tidayamba naye. A Mo Ibrahim adabadwa mu 1946 m'banja la mtundu wa Anubi, adakulira ndi kuphunzira za magetsi ku Alexandria m'dziko la Egypt, kenaka adapitiriza maphunziro ku Bradford ndi ku Birmingham ku Britain. Adagwira ntchito ku British Telecom pa nthawi imene mafoni a m'manja ankangoyamba kumene, ndipo mu 1989 adasiya n'kuyambitsa kampani yawo ya MSI, yolangiza makampani ena mmene angayalire netiweki ya mafoni. Kampani ya Marconi idagula MSI m'chaka cha 2000. Choncho pofika 2005 a Ibrahim adali atagulitsapo kale kampani kamodzi, ndipo ankadziwa mmene m'mawa mwake mumakhalira.

Zinthu ziwiri zikuoneka pa mbiri yawo. Choyamba adachichita asadagulitse. Ku MSI antchito adali ndi masheya pafupifupi 30 peresenti, ndipo ku Celtel nakonso antchito ambiri adapatsidwa masheya. Tsiku logulitsa lidakhala tsiku lokolola la anthu ambiri, ambiri mwa iwo mbadwa za mu Africa muno. A Shuttleworth adachitanso chimodzimodzi mwa njira yawo: atagulitsa Thawte adapatsa wantchito aliyense marandi 1 miliyoni. Munthu wotere akakumana ndi antchito ake akale pa msewu sasowa poyang'ana. A Ibrahim adasamalanso kapezedwe ka chumacho. Pofuna kutseka khomo la ziphuphu m'maiko amene Celtel inkapempha ziphaso, kampaniyo idaika lamulo lakuti ndalama iliyonse yoposa madola 30,000 isatuluke popanda chilolezo cha bodi. Mkulu wa boma akapempha kangachepe, bwana wa Celtel m'dzikolo adali ndi yankho loona lakuti alibe mphamvu yotulutsa ndalamayo.

Chachiwiri n'chakuti sadakhale nthawi yaitali opanda ntchito. Mu 2006, chaka chimodzi chigulitsireni, adakhazikitsa bungwe la Mo Ibrahim Foundation, loona za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maboma mu Africa. Kuyambira 2007 bungweli limatulutsa kaundula woyeza mmene maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, akuchitira pa chitetezo, ufulu wa anthu, chuma, maphunziro ndi zaumoyo. Chaka chomwecho lidayamba kupereka mphoto kwa mtsogoleri wa dziko amene adasankhidwa ndi anthu, adalamulira bwino, ndipo adatula pansi udindo nthawi yake itakwana. Pokhazikitsidwa, mphotoyi idali madola 5 miliyoni operekedwa kwa zaka khumi, kenaka madola 200,000 chaka chilichonse kwa moyo wonse.

Woyamba kulandira adali a Joaquim Chissano a dziko loyandikana nalo la Mozambique mu 2007. Adatsatira a Festus Mogae a ku Botswana mu 2008, a Pedro Pires a ku Cape Verde mu 2011, a Hifikepunye Pohamba a ku Namibia pa chaka cha 2014, mayi Ellen Johnson Sirleaf a ku Liberia pa chaka cha 2017, ndi a Mahamadou Issoufou a ku Niger pa chaka cha 2020. M'zaka zambiri, monga 2009, 2010, 2012 ndi 2013, komiti yosankha idalengeza kuti palibe woyenera. Pali otsutsa amene amati si nzeru kupereka mamiliyoni kwa anthu amene ndi opeza kale, ndiponso kuti mtsogoleri wakuba sangalekere kuba chifukwa cha mphoto yochepa poyerekeza ndi zimene angabe. Kutsutsaku kuli ndi mfundo. Koma ganizo la a Ibrahim n'lochititsa chidwi tikaliika pambali pa moyo wawo. Iwo adaona kuti atsogoleri ena amakakamira mpando chifukwa saona moyo wina kuseri kwa mpandowo. Munthu amene adali atangosiya kumene chinthu chachikulu chimene adamanga adagwiritsa ntchito chuma chake pothandiza ena kusiya bwino.

A Shuttleworth nawonso adadzipezera ntchito. Mu Epulo 2002 adalipira madola pafupifupi 20 miliyoni n'kukwera chombo cha dziko la Russia kupita m'mlengalenga, zimene ena adaziona ngati kusakaza. Koma atabwerako, mu 2004, adayambitsa Ubuntu, pulogalamu yoyendetsera kompyuta imene aliyense angaitenge ulere, ndipo akhala pa ntchito imeneyi zaka zoposa 20. Ulendo wa m'mlengalenga udatenga masiku khumi okha. Chimene chawadzutsa m'mawa zaka zonsezi ndi ntchito yachiwiriyo.

Masamu amene amadikira Msilamu

Kwa Msilamu amene wagulitsa bizinesi, kaya ku Dubai kaya pa Mangochi Turn-off, pali masamu ena amene alangizi ambiri a za chuma sawatchula. Pamene chuma chili m'zida zogwirira ntchito, monga makina, nyumba ya ofesi, bwato kapena injini, zidazo pazokha sizidulidwa zakaat. Zikagulitsidwa n'kusanduka ndalama yosungidwa, ndalamayo ikaposa mlingo wa nisaab, womwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, ndipo ikatha chaka cha mwezi ili m'manja mwa mwini wake, imadulidwa 2.5 peresenti, lomwe ndi gawo limodzi pa magawo 40 alionse. Munthu amene watsala ndi madola 100 miliyoni ayenera kutulutsa madola 2.5 miliyoni, ndipo chaka chamawa adzawerengeranso. Choncho chuma chongokhala phee chimanka chichepa, ndipo mwini wake amakankhidwa kuti achigwiritse ntchito.

Kochigwiritsa ntchito nakonso kuli ndi malire. Njira imene olemera ambiri amaidalira, yobwereketsa boma kapena banki n'kumadya chiwongoladzanja, ndi riba, ndipo kwa Msilamu ndi yotsekedwa. Zotseguka ndi nyumba ndi malo obwereketsa, kulowa m'bizinesi yogawana phindu ndi kuluza komwe, zikalata za sukuk zimene phindu lake limachokera pa katundu weniweni, ndi masheya a makampani amene adaunikidwa kuti sachita malonda oletsedwa ndipo sadamire m'ngongole. Kaundula wa masheya otere wa Dow Jones Islamic Market adayamba mu 1999.

Pa nkhani ya imfa, magawo a olandira chuma cha masiye adaikidwa kale, ndipo wasiya wa munthu sungapose gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake. Koma malamulowa sangagwire ntchito ngati palibe amene akudziwa kuti chumacho chili kuti, ndani ali ndi ngongole kwa malemu, ndipo malemu adali ndi ngongole kwa yani. Nkhani ya a Hsieh ikutikumbutsa kufunika kolemba zimenezi momveka, pamaso pa mboni, munthu akadali ndi mphamvu. Amene akufuna kuti chuma chake chipitirize kuthandiza anthu ali ndi njira ya waqf, pamene katundu amamangidwa kuti asadzagulitsidwenso kapena kugawidwa, phindu lake lokha n'kumagwira ntchito. A Sulaiman Al Rajhi a ku Saudi Arabia, mmodzi mwa oyambitsa banki ya Al Rajhi, adagawira ana awo mbali ya chuma chawo akadali moyo, ndipo mbali yaikulu adaiika mu waqf. Kupatsa n'kuika.

Pa mchenga wathu

Mwina palibe mmodzi mwa ife amene adzagwire madola biliyoni. Koma ndalama yobwera kamodzi timaidziwa. Imabwera pamene mphunzitsi walandira za penshoni, pamene mnyamata wabwera ndi thukuta la zaka zisanu za ku Joni, pamene banja lagulitsa malo a m'mbali mwa nyanja kwa omanga malo ogona alendo, kapena pamene bambo wagulitsa bwato, injini ndi makoka chifukwa nsomba zachepa. Manambala ndi aang'ono, koma mafunso ndi omwe aja. Zikachotsedwa ngongole, msonkho ndi magawo a ena, zitsala zingati? Amene adathandiza kumanga chinthucho apezapo chiyani? Ndani pa abale ndi abwenzi amene adzathe kunena kuti ayi, ndipo adzamvedwa?

Funso lomaliza ndi limene anthu amalidumpha. Tidawaonapo abambo amene adagulitsa zida zawo zonse pa mtengo wabwino, ndalama zili ku banki, nyumba yafoleredwa ndi malata atsopano. Koma swala ya m'bandakucha ikatha, miyendo imawatengerabe kudoko. Amaima pa mchenga manja ali kumbuyo, n'kumayang'ana mabwato a anzawo akukocheza, osakhala ndi loti alilandire. Wogula akabwera ndi mapepala ake, mtengo ukhoza kukambidwa tsiku limodzi n'kutha. Za kumene mwini wake adzalowere Lolemba m'mawa ndi zofunika kuzikambirana ndi banja cholembera chisadakhudze pepala.